Tsiku limene a bungwe anabwera kudzaona pakhomo

Mdzukulu wangayu ndinamulera ndekha kuchokera asanayambe n'kuyenda komwe. Amake, mwana wanga wachiwiri, tinawaika m'manda chaka chimene tinavota koyamba, ndipo abambo ake anapita ku Joni osabweranso. Atakhoza mayeso a Fomu 4 anamuitana ku koleji ya unamwino. Nanga ine wa kadimba ka tomato ndikanatani? Aphunzitsi ake ndiwo anamulembetsa ku bungwe lina lolipirira ana amasiye. Koma a bungwewo sankakhulupirira zongomva. Ankabwera kudzaona pakhomo, ndipo akaona kuti mukupezako bwino, mwayi unkapita kwa mwana wina.

Uthenga unafika kuti abwera Lachinayi. Inali nyengo ya njala, ife kuno ku Golomoti tikugonera mango aawisi owiritsa. Komabe mlendo ndi mlendo. M'mawa mtsikanayo atapita kumjigo, ndinakabwereka mipando iwiri yapulasitiki ndi mbale zagalasi kwa akazi a katekisiti, anandipatsanso kampunga. Thadzi limodzi lomwe linapulumuka chitopa ndinalipha.

Pobwera, mtsikanayo anapeza nthenga pabwalo. Anatula ndowa.

"Agogo, mwachita chiyani?"

"Ndaphikira alendo."

"Anthu akubwera kudzaona umphawi, inu mwawakonzera ukwati."

"Ndiye akhale pachitsa ngati akudikira kabaza?"

Pomwepo njinga yamoto inamveka kumsewu.

Anatsika mayi wina wamagalasi, woyendetsayo n'kutsalira panjinga. Amayi apamudzi anayamba kubwera mmodzimmodzi, n'kukhala pansi pa mlambe ngati akungopuma. Mlendoyo anakhala pampando, n'kuugwiragwira, kenaka n'kuyang'ana kukhitchini.

"Pakhomo pano pakununkhira bwino, agogo," anatero, koma osaseka.

Nditabweretsa madzi osamba m'manja anakana, akuti pantchito saloledwa kudya. Ndinaima ndi beseni langa ngati chitsiru.

"Nyama mumadya kawirikawiri?"

Ndinawerama, maso ali m'beseni.

"Nanga mipandoyi ndi yanu?"

Mumvetse bwino apa. Chimwalirireni amuna anga, palibe munthu pamudzi ameneyu amene anandimvapo ndikunena kuti ndilibe. Ufa ukatha ndinkatereka madzi okha pamoto kuti utsi utuluke, anzanga aziyesa kuti nanenso ndikuphika. Ndiye anzanga omwewo anali apo, makutu ali tcheru. Ndinayang'ana mdzukulu wanga. Anali atawerama, akukumba dothi ndi chala chakuphazi. Sanandithandize, ndipo sanandiulule.

Ndinaika beseni pansi.

"Si yanga, mayi. Mbale si zanga, mpunga si wanga. Nkhukuyo inali yanga, inali yomaliza."

"Dzulo munadya chiyani?"

"Mango."

"Dzana?"

"Mango omwewo." Ndinakweza mawu kuti apamlambe asavutike kumva. "Utsi umene anthu awa amauona madzulo ndi wa madzi okha."

Ndinamutenga mlendoyo n'kumuonetsa nkhokwe yopanda kanthu, mphasa imene tinkagonapo awiri, ndi pamene timaika chidebe mvula ikamagwa. Anaona zonse, anathokoza, n'kukwera njinga osanena kuti inde kapena ayi.

Nkhukuyo tinadya awiri. Madzulo mayi wina wa apamlambe aja anabwera ndi ufa m'kambale, anauika pakhonde n'kubwerera. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Ndinautenga.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, ife osamva kanthu. Mtsikanayo njinga yamoto iliyonse ikadutsa ankasiya khasu. Kumjigo amayi ankandipatsa malo kuti nditunge poyamba, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa njala.

Tikupalira, aphunzitsi aja anafika panjinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu, n'kuima m'mphepete mwa munda.

"Agogo, mwanayu mufunireni chikwama. A bungwe amutenga."

Mtsikanayo anangokhala pansi pamzere, pamatope pomwepo. Ine ndinafunsa aphunzitsiwo ngati kukolejiko amafuna kuti mwana apite ndi mbale yakeyake.