Dazi la Maybin pa Tsiku Lometa Maliro

Maybin Ngulube amakonza zigayo. Chigayo chikazima kulikonse, kuchokera pa Rufunsa mpaka ku Shikabeta, mwini wake amaimbira iyeyo, ndipo amafika pa njinga yamoto, thumba la masipanala lili kumbuyo. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, wosachedwa pa moni. Ena amadziwa mbiri yake, ena sadziwa. Chigayo chikayamba kulira, onse amasiya kufunsa.

Anabadwira ku Chinyunyu, m'mudzi wa kuseri kwa akasupe a madzi otentha, kwa makolo amene anachokera ku Petauke, kum'mawa kwa Zambia, kudzafuna minda. Anabadwa mwana wamkazi, woyamba m'nyumbamo, ndipo anamutcha Estina. Kuyambira tsikulo mayi ake anakhala Amake Estina, kutchalitchi ndi kumjigo komwe. Koma mwanayo sanakhalepo mtsikana mumtima mwake. Diresi ankavala ngati chilango. Atate ake, ba Festus, anali ndi kachigayo ka dizilo m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo mwanayo anakulira pomwepo, manja ali bii ndi girisi. Ba Festus sankalankhula zambiri. Ankangomupatsa sipanala.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu anapita ku Lusaka, nalowa ntchito pa galaja ina ndi dzina la Maybin. Patapita nthawi anapeza dokotala amene anamvetsa nkhani yake, namuyambitsa jekeseni wa tesitositeroni, mankhwala osinthira thupi kuti likhale lachimuna. Mawu anakula. Ndevu zinamera. Kanali koyamba kuti aime pagalasi osafulumira kuchokapo.

Chaka chachitatu tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. Linathothoka m'mbali zonse ziwiri za mphumi, kenako paliwombo panayamba kuwala. Anapaka mafuta a nsatsi. Anapaka madzi a anyezi mpaka anzake a pagalaja anadandaula. Dokotala sanamubisire: mankhwalawa amabweretsa za mwamuna zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Mapiritsi ochedwetsa dazi alipo, koma tsitsi lopita silibwerera lonse, ndipo akafuna kuti lileke kuthothoka, njira ina ndi kusiya jekeseni. Maybin sanasiye. Anagula chipewa.

Ku Lusaka dazi si mlandu. Vuto linali kumudzi. Mayi ake anamulola kumabwera, koma pa pangano limodzi: azibwera ngati Estina. Ndevu amete, chitenje amange, chitambala chikhale kumutu. Za mawuwo mayi anali atauza kale anthu kuti utsi wa dizilo unamuwononga pakhosi. Choncho Maybin ankatsika basi pa Chinyunyu, kulowa patchire, n'kumanga chitenje pamwamba pa buluku. Iye ankachita manyazi pomanga. Mayi ake akanachita manyazi akanapanda kumanga. Za dazi sanawauze.

Ba Festus anamwalira mu Juni, anthu atangomaliza kukolola. Masiku onse a maliro Maybin anakhala m'nyumba ndi azimayi, atatambalala pansi. Anamva amuna panja akukhoma bokosi la atate ake, misomali ikupindika, iye amene ankadziwa hamala kuposa onsewo. Kumanda sanagwire fosholo.

Tsiku lotsatira kuika linali lometa. Achibale onse a malemu amametedwa kuti imfa ichoke ndi tsitsi lakale. Mabanja ambiri masiku ano amangodula pang'ono pamphumi, koma ba Bornwell, amalume ake a Maybin, anali atagamula: malemu ankameta mpala pa maliro a anzake, nayenso am'metera mpala. Mwana wothawa lezala anthu amamufunsa chimene akudziwa pa imfayo, ndipo samuwerenganso pa ana a malemu.

M'mawa Maybin anapeza mayi ake kuseri kwa nkhokwe.

"Amama, ine ndikwere basi yoyamba. Kuntchito akundidikira."

"Ntchito ndiyo inakubala?"

"Ayi."

"Uchoke ndi tsitsi, anthu anene kuti wadya atate ako? Ukhala."

"Mutu wanga uli ndi vuto."

"Ngati ndi nsabwe, lezala ichotsa."

Mayi anatenga ndowa n'kupita.

Amuna ankametedwa ndi ba Bornwell kumaso kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Azimayi ankametedwa kuseri ndi ba Emelda Chanda, Mbemba wogulitsa nthochi pamsewu. Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chimbuya, ubale wa nthabwala: pa maliro mbuya amanyoza ofedwa mmene angafunire, ndipo palibe wololedwa kukwiya. Ndi ntchito yake, kuti olira apume. Ba Emelda ntchitoyi ankaidziwa.

"Bwerani kuno, odya mbewa inu," anatero, akutsegula paketi ya malezala. "Amake Estina, khalani bwino. Amuna anu anathawa ndiwo zanu, musanamizire matenda."

"Anyani amene mumadya aja anatha kwanu kuti mudzativutitse kuno?" anayankha mayiwo, ndipo anaseka koyamba pa masiku anayi.

Anameta mayi. Anameta Fridah, mng'ono wake wa Maybin. Kenako analoza ndi lezala.

"Iwe wa ku Lusaka, bwera. Chitambala masiku onsewa chili pamutu ngati anachisokerera. Wabisamo mbewa zingati?"

Maybin anagwada pamphasa. Manja anafika pa mfundo, n'kuima pomwepo. Ba Emelda sanadikire. Anachikoka.

Dzuwa la m'mawa linagwera paliwombo. Tsitsi lodyeka ndi kuluka azimayi amalidziwa onse, koma ili linali lina: mphumi yolowa mbali ziwiri, bwalo losalala pakati, ndendende mutu wa ba Festus umene anaukwirira dzulo lake. Amake Estina anayang'ana kamodzi, n'kugwetsa nkhope. Maybin anamva mphepo pamutu ndi moto m'makutu. Bodza la utsi wa dizilo linathera pamphasapo, ndipo amene analinena anali atakhala pafupi, mutu uli mbee, sopo ali kukhutu, alibe chobisira nkhope.

Mbuya saloledwa kukhala chete, ndipo ba Emelda anatembenukira kwa mayiwo.

"Amake Estina, kodi dzulo tinaika ndani? Ba Festus si awa, avala chitenje chanu?"

Mayi wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Ine ndameta azimayi zaka makumi awiri," anapitiriza ba Emelda. "Mutu uwu si wa mzere wanga. Nyamuka. Madazi akumeta uko kumango."

Kaya ankanyoza kaya ankathandiza, palibe akudziwa, mwina ngakhale iwo eni. Koma mawu a mbuya pa maliro satsutsidwa. Maybin anatembenukira kwa mayi ake.

"Amama."

"Wamva," anatero mayiwo, maso ali pansi. "Pita."

Kuchokera kuseri kwa nyumbayo kufika pa mango ndi mapazi makumi atatu. Maybin anawayenda onse, mutu uli pamtunda. Atafika pakhonde anaima, namasula chitenje, nachipinda bwinobwino, nachisiya pampando. Anatsala ndi buluku yake ya kuntchito. Amuna anali akukamba za mtengo wa feteleza. Nkhaniyo inaduka pakati.

Ba Bornwell anayang'ana mutuwo nthawi yaitali.

"Akukana uko?"

"Inde, amalume." Sanachepetse mawu monga ankachitira kumudzi. Mawuwo anatuluka mmene alili.

"Zinayamba liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Ndi mankhwala aja anthu amanong'onezana?"

"Inde."

"Amako ankadziwa?"

"Za mutuwu aona lero."

Mkulu wina wa kutchalitchi anakhosomola kumbuyo. "Ba Bornwell, zotere sizinachitikepo."

"Zimene sizinachitikepo n'zoti mwana wa malemu achoke pano ndi tsitsi," anatero ba Bornwell. "Zinazo mukakambe Lamulungu. Iwe, khala pansi."

Maybin anakhala pa chitsa chimene anakhalapo amuna enawo. Amalume anatsegula lezala yatsopano, namuthira madzi ozizira, napaka sopo m'mbali mokha. Ntchito sinachedwe.

"Theka unandimetera kale," anatero ba Bornwell.

Palibe anaseka. Misozi imene inakana kutuluka m'nyumba ya azimayi inatulukira pamenepo, ikugwera pafumbi pakati pa mapazi ake. Amuna anayang'ana kumbali. Anaitenga ngati ya maliro, ndipo ina inalidi ya maliro.

Atatha, ba Bornwell anamupatsa tsache. "Sesa lako, uike pa mulu uwo." Tsitsi lake linali lochepa, losadzaza m'manja. Analiika pamodzi ndi la amuna, ndipo anakalikwirira lonse m'dzenje limodzi kuseri kwa khola. Pobwerako palibe anamuitana kuti akhale nawo, ndipo palibe anamuthamangitsa. Anaima pafupi ndi chigayo cha atate ake mpaka dzuwa linafika pamutu, anthu akudutsa, ena akuyang'anitsitsa, ena akuchita ngati sakumuona.

Mayi ake analowa kuchipinda ndipo sanatulukenso. Azimayi a kutchalitchi anapita osatsanzikana nawo. Nthawi ya basi itakwana, Maybin anaima pachitseko cha chipindacho. Sanalowe.

"Amama, ndikupita."

Mawu anachokera m'katimo, otsika.

"Wametedwa?"

"Inde."

"Wakumeta ndani?"

"Amalume."

"Mutu wonse?"

"Wonse."

Bedi linalira, ngati munthu akutembenukira kukhoma.

"Ndiye mlandu ulibe. Yenda bwino."

Sanatchule dzina lililonse. Maybin anadikira pang'ono, kenako ananyamula chikwama chake n'kulunjika kumsewu.