Bokosi la mazira la alamu anga

Ndinali ndisanakhalitse m'banja, tili ndi mwana mmodzi wamng'ono, tikukhala pa boma la Dedza m'nyumba ya lendi yomwe inali ndi magetsi. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, pamene aliyense wotha kuyankhula ankaoneka ngati wodziwa zinthu. Akulu awo a amuna anga ankagwira ntchito pa ofesi ina ku Lilongwe, komwe anawaphunzitsako kompyuta pang'ono.

Lamulungu lina titachoka ku Misa tinawapeza atakhala pakhonde ndi buku lalikulu lachingerezi. Anati bukulo limaphunzitsa chilankhulo chatsopano cholembera malangizo amene makina amamvera. Anayamba kutimasulira masamba oyamba, momwe chilankhulocho chinkadzitamanda chokha. Akuti n'chosavuta, akuti sichilakwa, akuti ukalemba kamodzi malangizowo amagwira ntchito paliponse, kaya m'wailesi, kaya m'filiji. Ine ndinali ndisanaonepo chinthu choyamba n'kudziyamikira chisanagwire ntchito, kupatula anthu ofuna mavoti.

"Alamu," anatero akundiyang'ana, "nkhuku zofungatira mazira ndi zachikale. Ndikupangirani bokosi loganiza lokha."

Amuna anga sankatha kutsutsa akulu awo. Anapita kwa ocheka matabwa a paini m'munsi mwa phiri, nakhoma bokosi monga akulu awowo anawajambulira. M'kati munaikidwa mababu otenthetsa ndi kamota kotembenuza mazira. Malangizo aja alamu anakawalembera ku ofesi kwawo, n'kuwalowetsa m'kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri ngati mphemvu. Anatiuza monyada kuti zikalowa mmenemo zalowa, palibe wa kuno angazisinthe.

Kachipangizoko kanabwera pa minibasi m'katoni ya sopo. Kondakitala anakasiya pa golosale ya bambo wina wachisilamu wa m'mbali mwa msewu, ndipo ine ndinakakatenga nditabereka mwana kumbuyo. Loweruka lake alamu anafika n'kulumikiza mawaya. Mazira ndinali nditawasonkhanitsa kwa mayi anga ndi kwa azakhali ku Linthipe, ndikuwalonjeza anapiye. Pa bokosipo panali kagalasi kobiriwira kolemba kuti zonse zili bwino.

"Musakhudze chilichonse," anandichenjeza. "Kachipangizoka kamadziwa kokha tsiku losiya kutembenuza mazira."

Unali mwezi wa Juni, chiperoni chikuwomba mpaka m'mafupa. Magetsi ankathima monga mwa chizolowezi chawo. Akathima bokosi linkazizira ngati mtsuko, ine n'kumalifunditsa bulangeti langa. Akayaka, kagalasi kaja kankalembanso kuti zonse zili bwino. Chomwe sitinkadziwa n'chakuti nthawi iliyonse magetsi akabwerera, kachipangizoko kankaiwala zonse n'kuyambanso kuwerenga kuchokera tsiku loyamba. Choncho kamota sikanasiye kugubuduza mazira, ngakhale pa masiku amene anapiye amafunika kukhala phee kuti aswe.

Nthawi yoswa inakwana n'kupitirira. Kenaka m'nyumba munayamba kununkha. Dzira lina linaphulika m'mawa ndikupatsa mwana phala, ndipo eni nyumba anabwera kudzafunsa ngati mwafera khoswe m'denga.

Alamu atafika anatseka mphuno ndi mpango, nawerama kuwerenga kagalasi kaja.

"Mwaona? Pulogalamu ya malangizo aja ikuyenda bwinobwino."

"Nanga anapiye ali kuti, alamu?"

"Chilankhulo chilibe vuto. Vuto ndi magetsi anu a kuno."

"Paja munati chimagwira ntchito paliponse?"

"Paliponse pamene pali zinthu zolongosoka," anayankha osachita n'komwe manyazi.

Ine ndinaseka, koma si kuseka kwa chimwemwe. Alamu anazula kachipangizo kawo, nakakulunga m'pepala, nati akakakonza abweranso. Anadya nkhomaliro yonse bwinobwino, nakwera minibasi ya madzulo. Kachipangizoko sitinakaonenso, ndipo nkhani yake sanaitchulenso pa maliro kapena pa ukwati uliwonse umene tinakumanapo.

Kupita ku Linthipe kukafotokoza inali ntchito yanga. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa ngati kubanja kumene ndinakwatiwako onse ali choncho. Mazira otsalawo ndinawakwirira kuseri kwa bafa. Galu wa eni nyumba anafukula, nanunkhiza, n'kuchokapo osalawa ngakhale limodzi.