Mtapo wa Mayi Esmeralda

Kumunsi kwa msika wa Milonde, mukadutsa minda ya chinangwa n'kutsetserekera kukhwawa, pali dzenje limene ife timalitcha mtapo. Mlendo akaliona amayesa ndi pomwera ng'ombe. Koma mbaula zadongo zimene amayi akuphikira kuchokera kuno mpaka ku Boma, zambiri zinatuluka m'dzenje limenelo, ndipo amene analipeza ndi mayi Esmeralda.

Ine ndine Edna. Ndinathyola tiyi kuesiteti mpaka msana unandiuza kuti basi, ndiye ndinalowa gulu la amayi oumba mbaula. Kuumba sindidziwa, ndisakunamizeni. Mbaula yanga yoyamba mayi Esmeralda anaitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa ngati ndinkaumbira nkhuku chomwera. Anandipatsa ntchito yosalaza ndi mwala ndi yosonkhezera moto pouvuni, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala pafupi nawo moti ndimadziwa ngakhale katsokomoledwe kawo.

Mayi Esmeralda anabwera kuno ali mtsikana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, kuchokera kuseri kwa Milanje. Anabwera ndi amayi awo, amene anayenda ulendo wonsewo akutsimphina, atatsamira ndodo ya mtengo wolimba, yosongoka kunsi. Amayiwo anali oumba miphika. Pamene ena ankakhala pamzere wa ufa, awiriwa ankayenda m'makhwawa, kubaya pansi ndi ndodo ija, kulawa dothi ndi lilime, kulikulunga pachala kuona ngati lithyoka. Tsiku lina mtsikanayo anatapa dongo losathyoka. Nkhondo itatha anthu anabwerera kwawo, koma iye anatsala, chifukwa amayi ake anali atagona kale m'manda a kuno. Anakwatiwa ndi a Mikaeli, ochokera konkonso, amene anatisiya kale.

Pamtapo anaika malamulo awiri. Loyamba: mvula ikatha, palibe woloŵetsa khasu mpaka iwo atatsegula ndi ndodo ya amayi awo, n'kunyema chibuma choyambacho, theka kulibwezera m'dzenje. Lachiŵiri ankalinena ngati akupereka moni: "Dongo losawotcha silichoka pano." Ankati mukayamba kugulitsa dongo m'matumba, chaka chamaŵa mutsala ndi dzenje lokha, ogulawo ndiwo aziumba.

Munthu mmodzi yekha anayesapo kuswa lamuloli: a Sabina, mayi wamawu ngati belu la kuesiteti, komanso woumba bwino kuposa tonse kupatula eni mtapowo. Chaka china cha njala anadzazitsa dongo m'ngolo ya oumba njerwa. Mayi Esmeralda anawathamangitsa pamtapo chilimwe chathunthu. A Sabina sanapite mwakachetechete ayi. Anayankha mpaka anthu a kumsika anasiya malonda kudzamvera. Atabwerera, awiriwa ankapatsana moni akuyang'ana kumbali, ndipo zinakhala choncho zaka.

Chaka cholembetsa ziphaso za unzika, tonse tinawauza mayi Esmeralda kuti anene zoti anabadwira kuno. Ndani akanatsutsa? Theka la ife agogo athu anachokera komweko. Iwo anakana.

"Ndikanena kuti ndinabadwira kuno," anatero, "ndiye kuti amayi anga sanayende ulendo uja. Mapazi awo otupa aja ndinawasambitsa ndine. Ndiwakane lero chifukwa cha kapepala?"

Zinandikwiyitsa, ndipo ndinawauza. Anangoseka n'kundituma nkhuni.

Nkhani ya miyala yamtengo wapatali inafika ndi a Bonface, bambo amene amanyamula mbaula zathu panjinga. Anati ku Boma anthu akukamba zoti dothi la ku Chambe, kuphiri uko, lili ndi zinthu zopangira mafoni ndi mabatire a galimoto, ndipo maiko akutali akupanga malamulo oti zinthu zoterozo zisamawasoŵe. Tinaseka. Ife batire timalidziŵa la m'wailesi. Koma pasanapite nthaŵi, kunabwera galimoto yaing'ono ndi amuna ovala majombo, atanyamula matumba. Anati akufuna dongo lathu akaliyeze, ndipo likakhala labwino adzabwera ndi lole.

Mayi Esmeralda anakhala pakamwa pa dzenje, ndodo atayipingasa pamiyendo. Sanakalipe. Anawafunsa ngati akufuna mbaula, poti panalibe yosweka, ndipo anawauza kuti dongo losawotcha silichoka pano. Amuna aja anachoka, koma wamkulu wawo anatembenuka n'kunena kuti adzabwera ndi pepala, tidzaone ngati ndodo imaposa pepala.

Tinatuma a Bonface kukafunsa ku Boma, ndipo kunabwera mtsikana wa ku ofesi, dzina lake Tamanda, waulemu mpaka anakana mpando n'kukhala nafe pamphasa. Anatifotokozera bwinobwino. Zonse za pansi pa nthaka, anati, zili m'manja mwa lamulo, ndipo wokumba kuti apange malonda amafunika chilolezo. Tikachedwa, wina akhoza kupempha malowo. Koma tikalembetsa gulu lathu, mtapo ukhala wathu, ndipo wa lole sangaukhudze. Tinaomba m'manja. Kenako anatsitsa mawu. Chilolezo cha okumba ang'onoang'ono, anati, n'cha nzika za dziko lino, ndipo aliyense wolembedwa aonetse chiphaso.

Palibe anayang'ana mayi Esmeralda. Ine ndinayang'ana zala zanga. Munthu amene anapeza dzenjelo ndi lilime lake, amene anatiphunzitsa tonse, ndiye yekha amene dzina lake silikanalembedwa. Wina ananong'ona kuti tingosiya, tidzaona zikadzafika. Wina anati mwina amfumu angathandize kulemba zoti anabadwira kuno.

"Iyayi," anatero mayi Esmeralda. "Mwanayu wabwera ndi zoona, musamuphunzitse bodza. Lembani. Mtapo usapite chifukwa cha ine."

Tamanda anafunsa kuti wapampando akhala ndani. Ine, kunena zoona, ndinakonza kale chitenje changa poganiza kuti asankha ine. Koma mayi Esmeralda anaimirira, n'kudutsa pamaso pa tonsefe, n'kukaika ndodo ija pamiyendo pa a Sabina.

"Aŵa? Ogulitsa dongo aja?" ndinafuula ine.

"Omwewo, achemwali. Nonsenu ndikakalipa mumathaŵira kuseri kwa uvuni. Aŵa okha anandiyankha maso ndi maso. Amene sanandiope ine, lole sangaiope."

A Sabina anaigwira ndodoyo ndi manja awiri.

Chilolezo chinatuluka mvula ili mkati. A lole anabweradi, ndipo a Sabina anawalandira pamsewu ndi mawu awo aja. Sindinamve kuti anabweranso. Koma mayi Esmeralda anasiya kutsikira kukhwawa. Ankakhala pakhonde kusenda nandolo. Ndikawafunsa ankati mawondo. Ndinkadziŵa kuti si mawondo. Anali atapereka mtapo ndi manja awiri, ndipo sanafune kuti wina adzanene kuti wa ku Mozambiki uja akuwononga pepala la anthu. Anaonda, ndipo nyumba yawo inasiya kununkha dongo.

Mvula itatha tinasonkhana pamtapo m'maŵa, madengu ali m'manja. Tonse tinayang'ana a Sabina kuti atsegule. Iwo anaima m'mphepete, ndodo ili m'manja, anaiyang'ana nthaŵi yaitali. Kenako anatembenuka n'kuyamba kukwera chitunda, ife tikutsatira pambuyo ngati anapiye.

Anapeza mayi Esmeralda pakhonde. Anagwada, a Sabina amene sagwadira ngakhale abusa, n'kuika ndodo pamphasa.

"Ndinakafunsa kwa mwana uja ku Boma," anatero. "Akuti gulu likhoza kuitana mmisiri amene likufuna. Ndiye gulu lakuitanani. Ndodoyi ine sindibayira pansi, si amayi anga anaiyendera. Mukapanda kubwera, chaka chino tiphikira pamafuwa."

"Dzina langa mulibe m'pepala mwanu."

"Mulibedi, ndipo zimandiŵaŵa. Tiyeni, dzuŵa likukwera."

Mayi Esmeralda anapukuta manja, anamanga chitenje, n'kutsika patsogolo pathu, mawondo aja osawamvanso. Analoŵa m'dzenje matope akufika m'akakolo, anabaya ndodo, anatukula chibuma, n'kuchilaŵa kaye ndi lilime monga ankachitira ndi amayi awo. Anachinyema, theka analibwezera pansi. Ine misozi inali itafika kale pachibwano, ndipo sindinachite nayo manyazi.

Ali m'dzenje momwemo anatiyang'ana tonse. "Lamulo la boma ndalimva, ndipo ndaligonjera," anatero. "Nanga langa lija alipo akulikumbukira?"

Tisanatsegule pakamwa, a Sabina anayankha okha, mokweza moti a kumsika ayenera kuti anamva: "Dongo losawotcha silichoka pano!"

Mayi Esmeralda anawapatsira theka lotsala lija m'manja, akuwayang'ana m'maso.