Apongozi pa sikirini

Ntchito yanga ku Lusaka inali yokhala pampando n'kumayang'ana timadontho pa kompyuta. Kampani yathu inaika makina ophunzitsira pa vidiyo m'masukulu a kumidzi: sikirini yaikulu pakhoma, kamera pamwamba pake, sipika, ndi bokosi la netiweki loyendera sola. Mphunzitsi ankaima m'tauni, ana n'kumamuonera kumudzi, nayenso n'kumawaona. Ife a mu ofesi tinali abusa a makinawo. Sukulu iliyonse inali kadontho kake, kobiriwira zikakhala bwino, kofiira kukavuta. Ndili pampando pomwepo ndinkatha kuzimitsa bokosi la ku Shikabeta, kuliyatsanso, kudziwa mmene latenthera, ngakhale kutembenuza kamera kuti iyang'ane kuchitseko. Ndinkanyada nazo, ndipo kunyadako kunkaonekera mpaka m'mayendedwe.

Kadontho kamodzi kanali ka sukulu ina kufupi ndi Chinyunyu, kwawo kwa mkazi wanga. Makolo ake anachokera kum'mawa kalekale, koma mwambo sanauiwale m'basi. Chikwatireni ndinali ndisanawayang'anepo m'maso apongozi anga aakazi. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'udzu n'kugwada, ine n'kulowera mbali inayo, moni n'kumapatsana aliyense atayang'ana kwina. Sindinawaonepo akudya, iwonso sanandionepo ndikutafuna ngakhale nshawa imodzi. Anzanga a m'tauni ankati zimenezo n'zachikale, ine n'kumaseka nawo, koma mumtima ulemu umenewu unkandikomera kwambiri.

Sukuluyo itafuna kilina, munthu wosesa chipinda cha makina ndi kusunga makiyi, ndine ndinanong'oneza ahedi kuti atenge apongozi anga. Apongozi aamuna anali atangomwalira kumene, ndipo kukhala pakhomo tsiku lonse kunkawachulutsira maganizo mayiwo. Ntchitoyo anaikonda. Malangizo ndinatumiza kudzera mwa mkazi wanga, monga mwa mwambo: asathire madzi pafupi ndi mawaya, asazule pulagi, azitseka mawindo. Chimodzi chokha sindinanene, choti kamera ija ndikhoza kuitsegula ndili ku Lusaka nthawi ina iliyonse. Sindinaiwale ayi. Ndinangoona kuti n'zovuta kufotokoza, ndipo ndinadzilonjeza kuti ya pa sukulu imeneyo sindidzaitsegula.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kadontho kaja kanayamba kufiira. Cha m'ma 11 koloko bokosi linkatentha n'kudzizimitsa lokha. Ndikaliyatsa kuchokera kuno linkagwira pang'ono, n'kufanso. Ana anali pafupi kulemba mayeso, ndipo phunziro la masamu linkadukira pakati tsiku ndi tsiku. Ndikaimbira ahedi ankangoti zonse zili m'malo mwake, chipinda chikuwala ukhondo, vuto likhala lili kwanu komweko. Tsiku lachitatu abwana anga anabwera kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga, anzanga awiri n'kukokera mipando yawo pafupi.

"Galimoto siingapite mpaka ku Chinyunyu chifukwa cha kadontho kamodzi," anatero abwana. "Tsegulani kamera tione."

Lamulo la kampani linali loti usanatsegule kamera uziyamba waimba foni, anthu a kumeneko adziwe kuti akuonedwa. Ngakhale popanda lamulolo, kwathu munthu salowa m'nyumba ya mnzake osaodira. Foni inali pafupi ndi dzanja langa. Koma ndinafuna abwana aone kuti ine zinthu sindizengereza nazo, ndiye ndinangodina.

Inali nthawi ya buleki, ana ali panja. Ndinatembenuza kamera pang'onopang'ono mpaka pa shelefu ya pakona, ndipo matenda onse anaonekera pomwepo. Bokosi linali litafunditsidwa chitenje chatsopano, chopindidwa bwino m'makona, pamwamba pake pali kachitini ka maluwa apulasitiki. Timabowo tonse topumira tinali titatsekeka. Kwathu chinthu cha mtengo wake sachisiya pafumbi, wailesi ndi TV amazifunditsa, ndipo mwezi umenewo fumbi la mumsewu waukulu limalowa ngakhale m'kabati. Pansi pa shelefuyo panakhala mayi, msana ataulozetsa ku kamera, miyendo atatambasula, akudya chinangwa chophika cha m'kabakuli.

Anzanga anafa nako kuseka.

"Bayifunditsa monga mwana wa malungo!" anatero mmodzi. "Na maluwa pamwamba, yafa kalekale iyi!"

Ndinganame nditati sindinaganize kuti angakhale apongozi. Winanso ndani akanakhala m'chipinda chokiyidwa nthawi ya buleki? Koma masiku atatu ndinali nditatukwanidwa chifukwa cha nsalu, abwana ali pamsana panga, anzanga akuseka, ndipo mtima wanga sumachedwa kupsa. Ndinayatsa maikolofoni.

"Imwe! Nindani chitsiru chamene chafunditsa makina? Muganiza ni wailesi ya kunyumba kwanu? Chotsani nsalu iyo manje manje!"

Sipika ya m'chipinda chija inaikidwa kuti ana makumi asanu ndi limodzi azimva bwino. Mayiyo anadzidzimuka, kabakuli n'kugubuduka, ndipo anatembenuka kufunafuna wolankhulayo mpaka maso awo anagwera pa kamera. Kanali koyamba kuona maso a apongozi anga. Tsaya lawo linali lotupa ndi chinangwa. Mawu anga anawazindikira, ndinaona pa nkhope. Anatseka pakamwa ndi dzanja, anatembenukira kukhoma, n'kugwada monga ankachitira tikakumana panjira.

Kuseka kunachepa. Mnzanga wamkazi, amene ankakhala desiki yoyandikana ndi yanga, anandiyang'ana.

"Nanga bagwadila chani? Mubadziwa?"

Apa m'pamene ndinali ndi mpata. Ndikanangoti ndi mayi a mkazi wanga, ndalakwa, tsekani. Koma ndinaona suti ya abwana, ndinaona maluwa apulasitiki aja, ndipo ndinachita manyazi ndi munthu amene sanandichititsepo manyazi.

"Ayi," ndinatero. "Ni ba kilina chabe."

Nditatsitsa maso ndinapeza kagetsi ka maikolofoni kakadali koyaka.

Apongozi anadzuka osayang'ananso kuno. Anachotsa kachitini ka maluwa, anachotsa chitenje n'kuchipinda, anatola zinangwa zimene zinagwa pansi, anasesa nyenyeswa zake. Potuluka anayenda cham'mbali kuti asayang'anizane ndi kamera, n'kutseka chitseko mosapokosera. Pasanathe theka la ola bokosi linazizira ndipo kadontho kanabiriwira. Abwana anandimenya paphewa, amvekere ntchito ndi imeneyi.

Pofika kunyumba madzulo, nkhani inali itanditsogolera. Makiyi anali atabwezedwa kale kwa ahedi. Mkazi wanga sanakalipe, chikhala anakalipa ndikanapepukidwa. Anangondiikira madzi osamba n'kufunsa kuti, "Amayi akuti makina aja achira?"

Madzi akatayika saoleka, koma munthu amayesabe. Loweruka ndinakwera basi ya kum'mawa pamodzi ndi amalume anga, amene ndi ankhoswe athu, nditakumbatira tambala wogula pamsika. Potsika pa Chinyunyu amalume anandiuza kuti ndichotse magalasi adzuwa. Ine m'njira ndinali nditakonza zonena. Ndimati ndifotokoze za timabowo topumira, za kutentha, za mayeso a ana, kuti aone kuti mkwiyo wanga unali ndi chifukwa.

Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anakhala kuseri kwa chitseko cha khitchini, timangoona zidendene zawo. Amalume anawomba m'manja, anapepesa m'malo mwanga, anati mwana wapsa pakamwa, n'kupereka tambala kwa mlamu wanga wamkulu. Kenako apongozi anayankhula, osati kwa ine, koma kwa amalume.

"Ankhoswe, nkhuku ndalandira. Za chitsiru zija sindinasunge kukhosi, ndinalakwadi. Ine ndimati ndikusamalira katundu wa mwana wanga, osadziwa kuti ndikumupha. Zondiona ndikudya nazonso ndi ngozi, ngakhale akanandiuza kuti khoma lija lili ndi maso, bwenzi ndikudyera panja."

Mtima wanga unayamba kutsika. Amalume anawombanso m'manja, n'kupempha kuti ngati zili choncho akatengenso makiyi, poti ahedi sanapeze wina. Zonena zanga zija ndinali nditazimeza kale.

"Makiyi ayi," anatero apongozi. "Ntchito ija ndinkaikonda chifukwa ndimati anandipezera ndi mkamwini wanga, ndipo ndinkauza aliyense kutchalitchi. Tsopano ndamva ndi makutu anga kuti kumeneko sandidziwa. Mumuuze kuti ba kilina anasiya ntchito, sadzamuchititsanso manyazi pa anzake. Kuno kwatsala mayi a mkazi wake. Mumufunse ngati amenewo akuwadziwa."

Amalume anatembenukira kwa ine kuti ndiyankhe. Ndinatsegula pakamwa, koma chitseko cha khitchini chinali chitatsekedwa kale.