Ndinkafuna Mapadi Okha, Anandiikira Mabuleki a Mpikisano

Anthu inu, tandiuzani: nkhope yangayi ikuoneka ngati ya munthu wochita mpikisano wa galimoto? Ndine mayi wa zaka 52. Ndimagona ku Sunnyside muno mu Pretoria, ndimasamalira agogo ena achizungu ku Lynnwood. Kagalimoto kanga chigulireni sikanapitirirepo liwiro la 80. Koma lero kali ndi mabuleki a anthu othamanga. Mvetserani.

Mabuleki anga ankalira pang'ono, ngati kakhoswe. Loweruka 9 koloko m'mawa ndinapita ku shopu ina ya masipeya ku Pretoria West, ili ndi galaja kuseri. Dzina sinditchula lero. Pakauntala ndinapeza akwathu, a Fanuel a ku Balaka. Mtima unakhala pansi. Ndinati apa ndiye sindiberedwa.

Ndinawauza kuti ndikufuna mapadi okha, tizinthu tija timapana chitsulo chozungulira m'kati mwa tayala, chomwe amachitcha disiki. A Fanuel anatuluka, anagwada, anasuzumira m'tayala, n'kupukusa mutu ngati dokotala wapeza chotupa.

"Eish, Amayi! Mwafika bwanji kuno muli ndi moyo? Madisiki awa anatha kalekale. Ndipo inu sindingakupatseni zawamba ayi."

Anabwera ndi disiki yoboolaboola ngati sefa. Ndinafunsa kuti chitsulo chatsopano chibwere bwanji chobooka kale. Akuti mabowowo ndi opumira. Chitsulo chimapuma? Akuti inde, mukamathamanga 200 chimatentha kwambiri.

"Achimwene, 200 ndikuthawa ndani?"

"Za mawa simuzidziwa, Amayi."

Akuti zawamba ndi R1,900, zopumazi ndi mapadi ake R4,800. Ndinaganizira agogo aja, poti Lolemba lililonse ndimawatenga kupita nawo kwa dokotala. Ndinati moyo wa munthu si wochitira chinyengo. Ndinalipira. Galimoto inatuluka 2 koloko masana.

Pa loboti yoyamba ndinaponda buleki. Mayo ine! Kakhoswe kaja kanasanduka nkhumba yomangidwa pa njinga. Dalaivala wa takisi, munthu amene saopa chilichonse muno mu Joni, anandiyang'ana mwamantha n'kundipatsa njira. Ku Sunnyside anthu anatulutsa mitu m'mawindo mpaka a m'mwamba mwenimweni. Ndinadzilimbitsa mtima kuti zatsopano zimatero.

Lolemba 7:30 m'mawa, kunja kukuzizira, ndinakweza agogo. Kuchoka pakhomo pawo kukafika pageti pali kamtsetse. Ndiponde buleki, zii. Ndipondenso, galimoto ikungolira koma ikupitabe, pang'onopang'ono, mwaulemu wake. Tinakaima chifukwa cha chibini cha zinyalala. Chinagwa, zinyalala mbwee pamsewu, agalu a mzere wonsewo n'kuyamba kuuwa. Agogo, amene ndimachita kuwakuwira m'khutu kuti amve zoti tiyi wapsa, anatembenuka n'kundifunsa kuti ndani akulira choncho.

Mungaseke, koma masana omwewo mwana wawo anandiimbira foni. Anati mayi ake asakwerenso galimotoyo mpaka itakonzedwa, ndipo zikachedwa ayang'ana munthu wina wokhala ndi galimoto yabwino. Ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi, ithe chifukwa cha sefa?

Lachitatu ndinapempha kuweruka msanga. 1 koloko ndinali pakauntala paja. A Fanuel sanadabwe n'komwe.

"Aa, ndinaiwala kukuuzani, Amayi. Mapadi amenewa amagwira akatentha. M'mawa muziyamba mwawatenthetsa."

"Ndiziwasonkhera moto?"

"Ayi. Muzithamanga 100, kenako muziponda mwamphamvu. Kakhumi basi, amadzuka."

"Ndili ndi agogo a zaka 86 pampando? Mano awo oikirira aziwatola ndani pagalasi? Inuyo?"

Akuti ndisakweze mawu, pali makasitomala. Ine ndine chiyani, mlendo wa paukwati?

Ndinati andiitanire abwana awo. Ndinadikira mphindi 50 nditaimirira. Abwanawo anatulukira akutafuna tchipisi. Sanayang'ane n'komwe galimoto. Anati zinthu zikaikidwa sizibwezedwa. Anati mabulekiwo ndi apamwamba kwambiri, vuto ndi ineyo, ndimayendetsa pang'onopang'ono. Mwamva? Anthu amalipitsidwa chifukwa chothamanga, ine ndakalipiridwa chifukwa chosathamanga.

Ndinati chabwino, ndibwezereni madisiki anga akale. A Fanuel anati anatayidwa tsiku lomwelo, anali zinyalala.

Potuluka ndinapunthwa pa chitsulo chimene anatsamiritsa chitseko kuti chisamatsekeke ndi mphepo. Ndikusisita chala, makaniko wina wachikulire wa m'galajamo anandiyandikira, akupukuta manja, n'kunong'ona.

"Mama, disiki imeneyo ndi yanu. Inzake ili m'kati, timaterekapo ketulo. Zinalibe vuto lililonse. Mapadi wamba akanakwana."

Ndinabwereranso pakauntala disiki ili m'manja. A Fanuel anandiona, mwadzidzidzi foni yawo inayamba kufunika kuyankhidwa, ngakhale sinalire. Analowa nayo kuseri. Ndinadikira mpaka 4 koloko. Sanatulukenso.

Tsono ndikufunsa pano, anthu onse akumva. A Fanuel, munandiona ndikutsika m'galimoto nditagwira bondo, munaganiza kuti mayi awa akusowa mabuleki a 200? Munandifunsa kuti ndimayenda kuti, ndimanyamula ndani? Chichewa chonse chija chinali cha moni, kapena chinali nyambo?

Inu anzanga a timagalimoto topitira kuntchito, kumsika ndi kutchalitchi, wina akakuonetsani chitsulo chobooka n'kunena kuti chimapuma, tengani makiyi anu muzipita. Funsani za mabuleki ogwira m'mawa kukuzizira. Ndipo zakale zanu muziziona ndi maso anu zisanasanduke mipando ya ketulo.

A Fanuel, ndakupatsani mpaka Lachisanu. Mundiikire madisiki anga, onse awiri, ndi mapadi wamba, ndipo ndalama zotsalazo mundibwezere. Mukapanda kutero, Loweruka 8 koloko ndikubwera ndi amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu. Alipo khumi ndi anayi, ndawauza kale, ndipo akondwa poti tinkasowa malo ophunzirira nyimbo. Tidzayala zitenje pakhomo pa shopu yanu. Tili ndi nyimbo za maliro zokhazokha, ndipo amayi amenewo sadziwa kulekeza.