Tsiku limene mayi anakhalira nkhwangwa

Ndikukumbukira kasupe wa kuseri kwa munda wathu wa kachewere, kumapiri a ku Tsangano. Madzi ake ankatuluka pansi pa mitengo ya katope, ozizira mpaka mano kuwawa, n'kumayenda m'kamfuleni kamene ine, kamtsikana, ndinkangokalumpha. Kumunsi ankalowa m'dambo momwe ng'ombe zathu zinkamwera, kenako n'kugwera m'chigwa cha miyala. M'dzinja mkokomo wake unkamveka mpaka kunyumba. Kupitirira apo sindinkadziwako, koma mayi ankati amakathira mu Revubwe.

Chaka china malume anga, a Fulansishiku, analima fodya wofuna moto kuti aume. Nkhuni zitawathera, m'mawa wina anatulukira pakasupepo ndi nkhwangwa paphewa, maso ali pa katope. Ine ndi mayi tinali pomwepo, tikutsuka kachewere.

"Achimwene, mitengo iyi yokha ayi," anatero mayi.

"Mlongo, fodya akundiwolera. Madzi angaphwe chifukwa cha timitengo iti?"

Mayi anali munthu wamfupi, wosakonda zolongolola. Malume ataika nkhwangwa pansi kuti avule malaya, mayi anangopita n'kuikhalira, n'kukonza chitenje chawo, n'kupitiriza ntchito. Amayi odzatunga madzi anayamba kusekera m'manja. Malume anachonderera, anakalipa, anazungulirazungulira, koma mlongo wako sungamukoke anthu akuona. Dzuwa linafika paliwombo mayi asanasunthe. Mapeto ake mayi anawabwereka malumewo ngolo ndi ng'ombe zathu kuti akatole nkhuni zouma kuseri kwa phiri. Fodya anauma, ndipo mitengo inatsala.

Nditakula ndinakwera shapa, minibasi yotsikira ku Tete. Mphepo ya kwathu inasanduka chifundizi, milambe inayamba kuoneka. Pafupi ndi Moatize tinawoloka mtsinje waukulu wodekha, amayi akuchapa, ana akusambira, madimba ali biriwiri m'mbali mwake. Ndinamva kuti ndiye Revubwe, ndipo patsogolo pang'ono amathira mu Zambezi. Ndinauza mayi wina amene tinakhala naye mpando umodzi kuti, "Madzi awa ndi akwathu!" Anandiyang'ana ngati wozungulira mutu.

Masiku ano mapiri ambiri ndi mbee, njinga zamoto zikutsika ndi matumba a makala, ndipo timitsinje tina timauma chilimwe chisanafike pakati. Anthu a midzi yoyandikana amabwera ndi zigubu kudzatunga madzi pakasupe wathu uja. Amene amawalandira ndi malume, okalamba tsopano, ndodo m'manja, kuwopseza aliyense wothyola ngakhale kanthambi. Malumewo amauza alendo kuti nzeru yosunga mitengoyi inali yawo, ndipo mayi akamva amangoti, "Eya, achimwene."