Utsi wa Jumbo pa Khonde Lathu

Ine mpaka lero ndikangomva fungo la jumbo ikupsa, kaya ndili pa depoti, kaya ndawerama pa foni, mutu umabwerera ku Chikanda, chaka chimene mvula inakana kukata chija. Ndimaona kamoto kabuluu kakudonthera pa makala, tho, tho, utsi wakuda ukukwera, ndi kamutu ka Asiyatu, kamchemwali kanga, katasuzumira paphewa pa amayi.

Amayi ankagulitsa zigege ndi mandasi kwa ana a pa koleji, ndiye moto unkayenera kuyaka m'mamawa anthu asanapite m'makalasi. Koma makala a nthawi ya mvula mukuwadziwa inu. Anyamata ankatsika nawo kuphiri atanyowa ngati achita kuwachapa, thumba likuchucha pa njinga. Palafini kudula. Ndiye laini yathu yonse inkayatsira jumbo, sichinali chachilendo ayi. Umatenga majumbo opyapyala a tchipisi aja, kuwapota, kulowetsa pakati pa makala, machesi kamodzi basi, moto uja. Akavuta umawonjezera botolo kapena patapata woduka. Ife ana tinkangotola m'ngalande, poti madzi ankatibweretsera okha kuchokera kumtunda. Otsala tinkamangira mpira, ena kukulunga pa kamtengo, kuyatsa, n'kumathamanga nako kakulira vuu, vuu. Tinkati ndege. Chipsera chake ndili nacho pa phazi mpaka pano.

Asiyatu anali atangoyamba kuyenda pamene chifuwa chinamugwira. Poyamba kutsokomola wamba, kenako akamapuma m'kati munkalira ngati mwabisala kamwana ka mphaka. Aliyense anali ndi yankho lake, koma amayi anamvera Abiti Saidi, anganga a khomo loyandikana nalo, amene analera ana ambirimbiri pamalopo. Iwo anati, "Mwali, imeneyi ndi nkhungu ya m'phirimu. Mwana wa ku Zomba mdani wake ndi mphepo. Mufunditseni, asatalikire moto." Ndipo zinkamveka, eti. Nkhungu inkatsika phiri lonse osaoneka, zovala pa chingwe sabata yathunthu osauma, zikununkha chuku. Ndiye amayi anagula pepala lakuda lofolera nyumba lija, kutchinga khonde lonse bwinobwino kuti mphepo isapeze polowera, mbaula kulowetsa momwemo. Asiyatu chipewa kumutu, juzi ziwiri, pa mphasa pafupi ndi moto. Munkafunda zoona. Koma utsi nawo unalibe kotulukira. Maso ankawawa, malovu ankatuluka akuda, ife n'kumati ndi mmene moto umakhalira.

Tsiku limene sindiiwala makala anakaniratu. Amayi anadula chigubu chakale cha mafuta ophikira, kuponyamo chidutswa chachikulu. Moto unayaka, mafuta anayamba kuwira, zigege zinalowa. Kenako ndinazindikira kuti m'khondemo mwangoti zii. Asiyatu wasiya kutsokomola. Aise, ndinayamba ndasangalala, ndimati wachira. Nditamuyang'ana, milomo yatuwa, pakhosi pakulowa m'kati, tinthiti tikukoka koma mpweya osalowa, maso ali pa amayi, ngakhale kulira akulephera. Amayi anangomunyamula, kusiya zigege m'mafuta momwemo, kuthamanga m'matope opanda nsapato mpaka pa njinga za kabaza. Ine pambuyo, nsapato zawo m'manja.

Kuchipatala anamuveka chopumira kumaso, ife tili chiimire. Patapita nthawi kachifuwa kanayamba kutsika bwino. Nesi wina wachikulire pomuvula chipewa anaima, n'kuchinunkhiza.

"Mayi, kunyumba mumaotcha chiyani?"

"Makala basi."

"Nanga poyatsa?"

Amayi anayang'ana pansi. "Jumbo, ngati wina aliyense."

Nesi uja sanakalipe. Anati mwanayo ali ndi mphumu, mwina anabadwa nayo, koma utsi umenewo m'malo otsekedwa ndi umene ukumutseka pakhosi, ndipo ulendo wina mwina sadzafika naye. Amayi anangoti, "Ine ndimati ndikumuteteza ku mphepo." Mawu amenewo anawanenanso pa njira, kunenanso kunyumba, osauza munthu, akungodzilankhulira.

Titafika anang'amba pepala lija ndi manja, mvula ikuwamenya. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakwera msewu wa kuphiri kukatola masamba ouma a paini ndi zibalobalo zake, kudzayanika pansi pa bedi. Zimayaka bwino, fungo lake lokoma. Anthu ankaseka, amvekere, "Amake Asiyatu ayamba zachizungu, moto ukufuna pefyumu." Abiti Saidi okha sanaseke. Anasiya kuyatsira jumbo mwakachetechete, n'kumatisungira zitsononkho za chimanga.

Koma utsi sudziwa malire a khomo. Ife tinasiya, laini sinasiye. Ine sukulu sindinapite nayo patali, zambiri ndaziphunzira pa foni pomwepa, ndiye ndikaona kavidiyo kofotokoza poizoni wa pulasitiki yopsa ndimatumiza pa gulupu ya kwathu. Amandiikira chala cham'mwamba, mawa lake jumbo ili pa mbaula. Ndipo sindingawanyoze, chifukwa makala akadali onyowa ndipo ana akufuna phala.

Asiyatu pano ali ku sekondale, wamtali kuposa amayi, kapampu kake ka mphumu sikachoka m'chikwama. Mpira wa manja amangoonerera. Dzulo m'mawa kunali nkhungu ngati ya chaka chija, makomo onse akufuka. Ndinamuona ataima pakhomo, yunifomu yosita, akukoka mpweya wambiri m'nyumba. Kenako anatseka mphuno ndi juzi, n'kuyamba kuyenda mwachangu, kudutsa mbaula yoyamba, yachiwiri, yachitatu, moni osayankha. Palibe anamuphunzitsa zimenezi. Amakapumira kumsewu.